Kuimika boti pafupi ndi gombe osalikweza pamchenga

Boti limene mwalikweza mphuno pamchenga silikhala bata. Funde lililonse lofika pagombe limalinyamula kumbuyo n'kulitsitsanso, ndipo pansi pake pamakhala pakukwechesana ndi mchenga ndi timiyala. Mukaima pafupi mumamva ndithu, kwee, kwee, mpaka dzuwa kupendeka. Penti imasupuka, boti la fibreglass limakalika mpaka ulusi wamkati kuonekera, la matabwa limayamba kulowa madzi molumikizira. Choipa kwambiri n'chakuti kumbuyo kwa boti, kumene ndi kotsika komanso kolemedwa ndi injini, ndiko kwayang'ana mafunde. Pakangodutsa boti lina lalikulu lothamanga, mafunde ake amakhuthukira mkati, kapena amalikankha n'kuligoneka chopingasa. Boti logona chopingasa, lodzaza madzi ndi mchenga, mumalimbana nalo mpaka thukuta kamukamu ngakhale mutakhala ambiri.

Ine ndikafika pagombe ndimafuna boti lizingoyandama, pafupi poti anthu n'kutsika n'kuyenda m'madzi kukafika kumtunda, koma pansi pake pasakhudze kanthu. Kuti zimenezi zitheke pamafunika kumvetsa chinthu chimodzi: chogwira boti ndi nangula amene ali kwakuya. Chingwe chopita kumtunda ntchito yake n'kungoletsa boti kuti lisamazungulire. Ndimaona ambiri akuchita zosemphana. Pamtengo wa kumtunda amamangapo mfundo pamwamba pa mfundo, koma nangula amangomuponya pomwepo, mamita 5 kuchokera paboti, osayesa n'komwe ngati wagwira. Mphepo ikayamba kuwomba kuchokera kunyanja, chingwe cha kumtunda chija chimangoti lende, palibe chimene chingachite, ndipo boti limakathera pamchenga pomwe amalithawitsa paja.

Mukufunika anangula awiri, wamkulu wa kutsogolo ndi wocheperapo wa kumbuyo. Pamchenga ndi pamatope, nangula wa mapiko awiri afulati, wa mtundu wa Danforth, amagwira modabwitsa mukayerekeza ndi kulemera kwake, chifukwa akakokedwa chogona mapikowo amadzikwirira okha. Kufooka kwake n'kwakuti akakokedwa kuchokera mbali ina amatha kuzuka osagwiranso, ndipo paudzu amangotsetsereka. Nangula wa pulawo, monga CQR amene anapangidwa ndi Geoffrey Taylor mu 1933, amapirira bwinoko mphepo ikatembenuka. Wa ngowe zinayi uja ndi wa pamiyala, pamchenga amangokanda. Mwala womangidwa chingwe umagwira ndi kulemera kwake kokha, choncho ndi woimira pang'ono inu muli m'botimo, osati wosiyira boti lokha.

Pakati pa nangula ndi chingwe pakhale tcheni. Pa boti la mamita 5 kapena 6, tcheni cha mamita 3 mpaka 5 chimathandiza kale, ndipo chikatalika ngati boti lenilenilo ndiye bwino kwambiri. Tchenicho chimagona pansi n'kuchititsa kuti nangula azikokedwa chogona, komanso ndi chimene chimakhuzika pamiyala m'malo mwa chingwe. Chingwe chikhale cha nayiloni, cha mamilimita 10 pa boti la msinkhu umenewu. Nayiloni amatanuka, ndiye funde likakankha boti chingwe chimayamba chatanuka, nangula osamva kugwedezako. Chingwe chopepuka choyandama chija, cha polypropylene, chimakulungidwa mosavuta ndi pulopela, yanu kapena ya anzanu, ndipo dzuwa limachitha mphamvu msanga. Bawuti wa kachitsulo kolumikiza tcheni ndi nangula mumumange ndi kawaya, chifukwa amamasuka yekha pang'onopang'ono ndi kugwedezeka. Nsonga yomaliza ya chingwe ikhale yomangirira kuboti nthawi zonse. Palibe chopweteka ngati kuona nsongayo ikudutsa m'manja n'kumira limodzi ndi nangula.

Mukafika, musafulumire kutsitsa. Chepetsani liwiro mudakali patali, mudutse kamodzi motsata gombe, maso ali pansi. Madzi akakhala oyera, mchenga umaoneka wowala, udzu ndi miyala zimaoneka zakuda. Chimene mukufuna ndi kachigawo kowala kaja. Madzi akakhala ovunduka, gwirani ndodo yaitali kapena nkhafi mufufuze nayo: matope amakanirira ndodo, mwala umagogoda, mchenga umalola pang'ono n'kulimba. Pamene pali korali, miyala yamoyo ya m'nyanja yamchere, kapena udzu wa pansi pa nyanja musatsitsepo. Nangula sagwirapo bwino, ndipo amazula zinthu zimene zimatenga zaka kuti zimerenso. Malo amene aikidwa zizindikiro kuti ndi osambirapo anthu, kapena odutsapo mapaipi ndi mawaya a pansi pa madzi, asiyeni.

Yang'ananinso pamene mafunde akuswekera. Funde limasweka likafika pamadzi amene kuya kwake kwangoposa pang'ono msinkhu wa fundelo. Ndiye thovu loyera lija likukuuzani pamene boti siliyenera kufika. Boti lanu lonse, mpaka injini, likhale kuseri kwa mzere umenewo, kumene funde limangolinyamula n'kudutsa. Ngati mafunde akusweka patali moti simungatsike osalowa m'thovumo, gombe limenelo si la tsiku limenelo, pitani kwina kumene kuli kobisika.

Za mphepo, musakhulupirire ya m'mawa. Masana mtunda umatentha msanga kuposa madzi, mpweya wotentha umakwera, ndipo mphepo imayamba kuwomba kuchokera kunyanja kulowera kumtunda, n'kumakula dzuwa likamapendeka. Usiku zimatembenuka. Gombe limene linali zii nthawi ya 9 koloko likhoza kukhala ndi mafunde ofika m'chiuno pofika 3 koloko. Nangula mumamuikira mphepo ya masanayo.

Mukadziwa pamene mukufuna boti likaime, bwererani kwakuya. Funso ndi lakuti mubwerere mpaka pati, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Nangula amagwira akamakokedwa chogona, akakokedwa choimirira amazuka. Chimene chimamugoneka ndi kutalika kwa chingwe. Muyezo umene oyendetsa maboti amatsatira pa chingwe cha nayiloni ndi wakuti chitalike maulendo 7 kuposa mtunda wochokera pansi pa nyanja kufika pamphuno ya boti. Samalani, si kuya kwa madzi kokha. Ngati nangula wagwera pa mamita 3, ndipo mphuno ya boti ili mita imodzi pamwamba pa madzi, muwerengere mamita 4. Kuchulukitsa ndi 7, chingwe chikhale mamita 28. Kukakhala bata ndipo inu muli pafupi, maulendo 5 amakwanira, ndiye mamita 20. Mamita 28 ndi ataliatali kuposa mmene diso limaganizira mukakhala pamadzi, n'chifukwa chake ine ndimayeza ndi boti lomwelo: ngati ndi la mamita 6, nangula agwere pamtunda wokwana maboti asanu kuchokera poimapo. Kumanga tinsalu tamitundu pachingwe pa mamita 5 alionse kumachotsa zongoganizira.

Gombe lili ndi ubwino umodzi. Pansi pamakhala potsetsereka kulowera kwakuya, choncho boti likamakokera kumtunda nangula amakokedwa chokwera chitunda, n'kumalowerabe pansi. Koma mphepo ikachokera kumtunda boti n'kudutsa pamwamba pa nangula, nangulayo amakokedwa chotsika, ndipo pamalo otsetsereka kwambiri amazuka n'kumangolendewera m'madzi akuya. Apa ndi pamene chingwe cha kumtunda chimasonyeza phindu lake.

Tembenuzani boti, mphuno iyang'ane kunyanja, kumbuyo kuloze gombe, ndipo muime. Nangula samuponya, amamutsitsa. Woponyedwa amagwa tcheni chitamuzinga m'mapiko, ndipo akhoza kugona pansi tsiku lonse osaluma mchenga. Mutsitseni ndi manja mpaka mumve kuti wafika, kenako bwererani chambuyo pang'onopang'ono, wina ali kutsogolo akulola chingwe kudutsa m'manja mwake mosathamanga. Munthu ameneyo aonetsetse kuti phazi lake silili mkati mwa chingwe chokulungidwa. Chikatuluka choposa theka, achikulunge kamodzi pa kachitsulo komangira ka kutsogolo n'kugwira. Boti lidzaima, mphuno idzawongoka kuloza kumene kuli nangula. Masulaninso, tulutsani chotsalacho, mangani, ndiyeno wonjezerani moto wa injini chambuyo pang'ono kwa theka la mphindi.

Nthawi imeneyi ikani dzanja pachingwe, kunja kwa boti. Nangula wogwira amapereka chingwe cholimba, chosalankhula. Amene akukhwekhwereza amanjenjemeretsa chingwe, mumamva gudugudu m'chikhatho, chikulimba n'kumasuka, kulimba n'kumasuka. Yang'ananinso cham'mbali, musankhe zinthu ziwiri zimene zili mumzere umodzi, monga mwala wa pafupi ndi mtengo wa patali kuseri kwake. Zikayamba kusiyana injini ikukoka, ndiye kuti mukuyenda. Zikatero musawonjezere chingwe n'kumayembekezera mwayi. Zulani, chotsani udzu kapena chibuma cha matope chimene chatseka mapiko, mukayambirenso. Mphindi zisanu zimenezi n'zimene zimakupatsani mtendere tsiku lonse.

Poyandikira gombe chambuyo, chimene chili pangozi ndi injini. Ikwezeni pang'onopang'ono madzi akamachepa, koma polowera madzi oziziritsa pakhalebe m'madzi. Mukafika pofika m'chifuwa, izimitseni n'kuikweza yonse, malo otsalawo mumalize ndi nkhafi kapena mphepo ikukankheni, wa kutsogolo akumasula chingwe pang'onopang'ono. Injini yoliza pamadzi osaya imavundula mchenga n'kuuyamwa, ndipo mchengawo umadya kagudumu ka labala kamene kamapopa madzi oziziritsa. Chachikulu koposa: munthu asatsike, mwana asalendeweretse miyendo kumbuyo, injini isanazime. Pulopela imatha kuzungulira ngakhale giya ili pakati, ndipo woyendetsa saona zimene zili pansi pa boti. Pa ichi sindinyengerera munthu.

Injini ikazima, mmodzi atsike ndi nangula wamng'ono, ayende naye kumtunda kupitirira pamene mafunde akufika. Amukwirire mapiko mumchenga ndi phazi, mpini utaloza kuboti. Pakakhala mtengo wolimba kapena thanthwe, mangani pamenepo. Chingwe chimenechi chimadutsa pamene anthu amayenda, choncho chigone pansi, ndipo nsonga za nangula zisatulukire poti mwana wothamanga n'kupondapo. Kuikapo chidebe kapena nsalu yowala kumathandiza.

Tsitsani anthu ndi katundu. Mukamaliza, boti lisakhale pomwe munatsikirapo. Wotsala m'boti akoke chingwe cha kutsogolo mamita 3 kapena 4, wa kumtunda akumasula chake, kuti boti libwerere pamadzi ofika m'chiuno kapena kuposerapo. Chifukwa chake n'chakuti chingwe cha nayiloni cha mamita 28 chimatanuka, ndipo tcheni chogona pansi chimawongoka mphepo ikakula, moti boti limasendera kumtunda kuposa pamene munalisiya. Ine ndimayesa chonchi: ndimaima kumtunda, ndikugwira chingwe cha kumbuyo n'kukoka ndi thupi lonse. Boti likabwera mpaka kukhudza mchenga, ndiye kuti funde lidzalifikitsanso pomwepo, ndipo ndimalibweza kwakuya. Likabwera pang'ono n'kukana, zili bwino. Chingwe cha kumbuyo musachikungitse kwambiri. Chisiyeni chomasukirapo kuti boti lizikwera funde momasuka, apo ayi funde lililonse lidzakhala likukoka anangula onse awiri.

Mphepo yowomba motsata gombe ndi imene imavutitsa kaimikidwe kameneka. Boti logwidwa kutsogolo ndi kumbuyo silingatembenuke kuti liyang'ane mphepo, ndiye imalimenya m'nthiti monse. Mukaona kuti ikuchokera cham'mbali, tsitsani nangula wamkulu chakumene ikuchokerako, osati molunjika kuseri kwa poimapo. Ikakula kwambiri, masulani chingwe cha kumtunda, boti lizungulire pa nangula mmodzi, bola mwaona kuti pozungulirapo palibe miyala kapena boti lina. Chimene simuyenera kuchita ndi kusiya boti litagwidwa ndi nangula wa kumbuyo yekha. Maboti ang'onoang'ono amamira motero ngakhale pamafunde osaopsa.

Nanga amene safuna kunyowa mpaka m'chiuno pobwerera kuboti? Njira zilipo, ndipo imene ndimaikonda ndi ya chingwe chozungulira. Pa nangula mumamangapo chingwe chake cha masiku onse, koma kunsonga kwake, m'malo momanga kuboti, mumamangako mphete yachitsulo yosalala ndi chigubu chotseka bwino kuti mpheteyo iziyandama. Mumpheteyo mumapisamo chingwe china chachitali, chotalika kawiri kuposa mtunda wochokera pampheteyo kufika kumtunda. Mukatsitsa nangula n'kumuyesa, mumapita kugombe mukumasula mbali zonse ziwiri za chingwechi. Mukatsika, mumamanga nsonga zake ziwirizo pamphuno ya boti, chingwe n'kukhala chozungulira chopanda mapeto. Mukakoka mbali imodzi boti limapita kwakuya, mukakoka inayo limabwera, monga mmene mbendera imakwerera ndi kutsika pamtengo wake. Likafika pamene mukufuna, mangani mbali zonse ziwiri pamtengo kapena pachikhomo. Vuto lake ndi kupotana. Mbali ziwirizo zikapiringizana, kapena udzu ukalowa mumphete, chingwe chimakana kuyenda, choncho kumtundako muzitalikitse mamita angapo, ndipo pachingwecho pasakhale mfundo ina iliyonse.

Pa bwato laling'ono lopalasa pali njira yachidule. Mangani chingwe cha nangula pamphuno, chotalika mokwanira malo amene akagwere, muchikulunge bwino. Kenako mangani kachingwe kena kakatali kumutu kwa nangula, kumene kuli mapiko. Mukhazikeni nangulayo m'mphepete mwa mphuno moti kukoka pang'ono agwe. Kankhani bwato lipite kwakuya mukumasula kachingweko, likafika patali gwedezani, nangula agwere m'madzi. Pobwerera mukakoka kachingwe kaja, nangula amabwera chambuyo osaluma, bwato likutsatira. Koma dziwani kuti nangula ameneyu sanayesedwe ndi munthu. Ndi njira ya pamchenga woyera, kukakhala bata, inu muli poonekera.

Palinso zingwe zotanuka zimene amagulitsa, za labala mkati. Mumatsitsa nangula patali, mumapita kugombe chingwe chikutanuka, mukatsika chimalikokera chokha boti kwakuya, inu mutagwira chingwe cha kumtunda. Zimagwira ntchito pamadzi odekha. Mphepo ikakula labala amagonja, boti n'kufika pagombe. Dzuwa limamuwononganso, ndipo chingwe chotanuka chikaduka kapena nangula akazuka chili chokungika, chimabwerera ndi mphamvu yovulaza. Musaime mumzere wake.

Panyanja yamchere pali nkhani ina imene simungaizembe, ya kukwera ndi kutsika kwa madzi. M'malo ambiri madzi amadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo kuchokera podzaza kufika pophwa pamadutsa maola 6 ndi mphindi zochepa. Kusiyana kwake kumadalira malo. Kwina sikufika mita imodzi, pamene ku Bay of Fundy ku Canada kumafika mamita 16. Kusiyanaku kumakula mwezi ukakhala wathunthu komanso ukangobadwa kumene. Madziwo satsika mofanana ola lililonse. Mukagawa kusiyanako m'magawo 12, ola loyamba limatenga gawo limodzi, lachiwiri magawo 2, lachitatu 3, lachinayi 3, lachisanu 2, lomaliza limodzi. Ndiye pamalo amene madzi amasiyana ndi mamita 3, ola loyamba amangotsika masentimita 25, munthu n'kumati palibe chikuchitika, koma ola lachitatu ndi lachinayi pamodzi amatsika mita imodzi ndi theka. Boti limene linali pamadzi a m'chiuno mumalipeza litakhala pamchenga, ndipo mudikira maola ambiri kuti liyandamenso. Choncho onani ndandanda ya madzi ya malowo musananyamuke. Ngati akutsika, boti liime pamene padzakhalebe madzi pa nthawi yophwa kwambiri. Ngati akukwera, chingwe cha nangula muchiwerengere pa kuya kwa nthawi yodzaza, ndipo nangula wa kumtunda mumuike pamwamba pa mzere wa zinyalala zimene madzi anasiya ulendo wapitawo. Panyanja zopanda mchere kusintha kotere n'kochepa, koma m'madamu opangira magetsi ndi m'mitsinje ya kumunsi kwake madzi amatha kusintha msanga akatsegula kapena kutseka zitseko.

Mukakhala kumtunda, diso lizibwerera kuboti. Ine ndimazika kamtengo m'mphepete mwa madzi ndikangofika, kuti ndizidziwa ngati akukwera kapena kutsika, ndipo ndimasunga m'mutu chinthu cha patali chimene mphuno ya boti yalunjika. Mitambo ikayamba kuda, kapena mafunde akayamba kuonetsa thovu patali, nyamukani nthawi yomweyo. Kukweza anthu ndi katundu boti likudumpha ndi kumene kumathyola zala ndi miyendo, makamaka munthu akaima pakati pa boti ndi gombe.

Ponyamuka, masulani chingwe cha kutsogolo pang'ono, kokerani boti pafupi, akwere onse, ana atavala kale majekete oyandamitsa. Womaliza abwere ndi nangula wa kumtunda, chingwe chake chonse chilowe m'boti, pasatsale kansonga kolendewera pafupi ndi pulopela. Musalize injini pomwepo. Dzikokereni kwakuya ndi chingwe cha nangula wamkulu, mphuno ikudula mafunde, ndipo mukafika pakuya mokwanira tsitsani injini, muilize, muone kuti kamadzi koziziritsa kakutuluka, nangula adakagwirabe. Injini ikakana kulira mudakali omangirira, mumakhala ndi nthawi yoikonza. Ikakana mutazula kale, mafunde amakubwezerani pagombe chopingasa. Ikalira, yendani pang'onopang'ono kulowera kwa nangula, wa kutsogolo akusonkhanitsa chingwe, mpaka chiime chilili. Nthawi zambiri amazuka pomwepo. Akakanirira, mangani chingwe chili chokungika pa kachitsulo ka kutsogolo, mulole funde linyamule mphuno, kapena pitirirani pang'ono kutsogolo kuti akokedwe kuchokera mbali imene sanalowere. Musasamutsire chingwecho kumbuyo kuti mumuzule ndi mphamvu ya injini, chifukwa nangula akapanda kuzuka, kumbuyo kwa boti ndi kumene kumamira. Akatuluka, mutsukuluzeni m'madzi asanalowe m'boti, ndipo muone ngati kawaya ka pabawuti kaja kadakalipo.